"Ine ndimalima, ndimapalasa bwato, BP ingandipeze bwanji?"

Lero tikambirane za BP, matenda a kuthamanga kwa magazi. Uthengawu ndi wautali pang'ono, koma uwerengeni mpaka kumapeto, ndipo amene sadziwa kuwerenga muwawerengere.

Pali mawu amene ndawamva kambirimbiri ndikauza munthu kuti apinde malaya timuyeze. Amati: "Anesi, BP ndi ya mabwana a ku Mzuzu, okhala mu ofesi tsiku lonse. Ine ndimalima chinangwa, ndimasenza nkhuni, ndimakoka chilimira usiku wonse. Ndiyezetse chiyani?"

Maganizo anga ndi awa, ndipo sindiwabisa. Kugwira ntchito zolemetsa n'kwabwino ku mtima, koma sikukutsimikizirani kuti BP yanu ili bwino. Chimene chingakuuzeni zoona ndi makina oyezera okha. Munthu aliyense wamkulu, wonenepa ndi wowonda yemwe, ayenera kudziwa manambala ake a BP monga mmene amadziwira nambala ya foni yake.

Ndikuuzeni za bambo wina, dzina ndi mudzi sinditchula. Anali msodzi wa zaka za m'ma 40, wadzitho, wopanda mimba yotuluka ngakhale pang'ono. Anabwera ndi bala la mbedza pachala. Tisanatsuke balalo tinawayeza, makina n'kuonetsa 178/106. Anaseka, amvekere makina athu ndi akutha. Tinawakhazika pansi kuti apume, titabwereza tinapeza 172/104. Tinawafotokozera, adokotala anawalembera mankhwala ndi tsiku lobweranso. Bala linapola, iwo sanabwerenso. Patatha miyezi ingapo anabwera atawanyamula, pakamwa patapotoka, mkono ndi mwendo wakumanja zosagwira. Moyo unapulumuka, koma kunyanja sanabwererenso. Lero akazi awo ndi amene amawasambitsa, amalima okha, amasakanso okha ndalama ya sukulu ya ana. Sitiroko ikagwira munthu mmodzi, banja lonse limagwa nayo.

BP NDI CHIYANI KWENIKWENI?

Ambiri amaganiza kuti BP ndi kuchuluka kwa magazi m'thupi, mwakuti wina amati, "Ine magazi ndi ochepa, BP sindingakhale nayo." Zimenezi si zoona. Kuchepa kwa magazi ndi vuto lina, BP ndi vuto linanso, ndipo munthu mmodzi akhoza kukhala nazo zonse ziwiri.

Mtima uli ngati mjigo, mitsempha ndi mapaipi. Mtima ukafinya umakankha magazi kuti afike kumutu, kuimpso mpaka kuzala zakumapazi. BP ndi mphamvu imene magaziwo amakankhira khoma la mitsempha. N'chifukwa chake manambala amakhala awiri. Yapamwamba ndi mphamvu pamene mtima wafinya, yapansi ndi pamene mtima ukupuma.

Pafupifupi 120/80 ndi bwino. Ikamafika 140/90 kapena kupitirira, atakuyezani masiku awiri osiyana, ndiye kuti muli ndi BP yokwera. Ikafika 180/120 musagone nayo kunyumba, onanani ndi adokotala tsiku lomwelo.

Paipi imene madzi akudutsamo mwamphamvu kwa zaka zambiri imafooka. Mtsempha wa muubongo ukaphulika kapena kutsekeka, ndiye sitiroko ija. Mtima nawo ukamakankha movutikira tsiku ndi tsiku umakula n'kutopa, munthu amayamba kubanika akayenda pang'ono, miyendo kutupa, kulephera kugona popanda kutsamira. Impso zimawonongeka, maso amachita khungu. Choopsa n'chakuti zonsezi zimachitika mwakachetechete. Anthu ambiri a BP samva kupweteka kulikonse. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

KODI KUNO KUMUDZI ILIKODI?

Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi bungwe la WHO unayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno. Anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo mwa iwowa, oposa 9 mwa 10 alionse sankadziwa kapena sankamwa mankhwala.

Pakati pa 2013 ndi 2016 bungwe la kafukufuku la MEIRU linayeza anthu pafupifupi 29,000, kuyambira a zaka 18, ku Area 25 mu Lilongwe ndi m'midzi ya ku Chilumba m'boma la Karonga. Anthu a ku Chilumba ndi anzathu a m'mbali mwa nyanja yomweyi, alimi ndi asodzi, odya kondowole ndi usipa ngati ife. Kumudziko anthu 13 kapena 14 mwa 100 alionse anapezeka ndi BP yokwera, pafupifupi chimodzimodzi ndi a m'tauni. Oposa theka la onse amene anapezeka nayo sankadziwa.

Taonaninso izi. M'midzi imeneyo amayi 27 mwa 100 alionse anali onenepa kupitirira muyeso, pamene abambo anali 9 okha. Komatu abambo a BP anali 13. Ndiye kuti pali abambo ambiri a BP amene sali onenepa. Ndiyenso kuti amayi, amene amagwira ntchito kuyambira tambala woyamba mpaka usiku, ndi amene kunenepa kukuwapeza kwambiri.

NANGA MUNTHU WOLIMBIKA NTCHITO IMAMUPEZA BWANJI?

Choyamba ndi mchere. Mchere umasunga madzi m'thupi, madzi akachuluka m'mitsempha mphamvu ija imakwera. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, amene ndi kasupuni kamodzi ka tiyi kosasefukira. Kasupuni kameneko ndi ka tsiku lonse, m'zakudya zonse pamodzi. Tsopano tiwerenge za kukhitchini kwathu. Mchere mundiwo, tizipaketi tokometsera msuzi, soya pisi ndi kapaketi kake, soda m'therere ndi m'masamba, nsomba zothiridwa mchere poyanika, buledi, tchipisi cha pamsika chowazidwa mchere, kenako kambale ka mchere pamphasa kuti aliyense awonjezere asanalawe n'komwe. Khasu silichotsa mchere wonsewu.

Chachiwiri ndi mtundu ndi zaka. Ngati mayi, bambo kapena achimwene anu anali ndi BP, kapena wina pabanja anafa ziwalo mwadzidzidzi, inunso muli pachiopsezo ngakhale mutakhala wowonda ngati bango. Mitsempha imaumanso munthu akamakula.

Chachitatu ndi mowa ndi fodya. Asodzi ambiri amasuta kuti athamangitse tulo ndi mphepo ya panyanja, akatuluka m'mawa ndalama ya nsomba imayambira pa mowa. Ena akuwonjezera zakumwa zija amati zopatsa mphamvu. Fodya amawononga khoma la mitsempha, mowa wambiri umakweza BP. Fodya wapamphuno ndi wapakamwa wa agogo aakazi nayenso ndi fodya.

Chachinayi, tivomereze kuti moyo wasintha. Ulendo umene makolo ankayenda wapansi lero tikukwera kabaza. Ndalama ya ku Joni ikafika, zoyamba kugula ndi shuga ndi mafuta ophikira a m'chigubu. Ntchito ya kumunda imakhala ya nyengo, koma mtanda wa nsima sumachepa ntchito ikachepa.

Chachisanu ndi mankhwala ogula tokha. Brufen, Indocid ndi Diclofenac amene timamwa pafupipafupi msana ukamapweteka amakweza BP ndipo amavulaza impso. Ngati muli ndi BP, funsani kuchipatala musanamwe.

Nanga maganizo? N'zoona, nkhawa ya ngongole, maliro kapena mwamuna amene anapita ku Joni osatumiza kanthu imakweza BP. Koma musadzinamize kuti maganizo akatha BP ithanso yokha. Ambiri imakhala idakalipo ngakhale mtima uli m'malo.

AMAYI, TIKAMBE ZA THUPI

Nkhani iyi ndi yovuta, ndikudziwa. Kwathu kuno mayi akanenepa timati banja lamuyanja, mwamuna akumusamala. Akaonda anthu amayamba kunong'onezana kuti mwina ali ndi kachilombo. Tinaika m'manda abale ambiri ataonda m'zaka zija ma ARV asanabwere, ndiye mantha amenewa ali ndi pochokera. Sindikunyoza aliyense, ndipo sindikunena kuti mayi akhale ngati ndodo.

Koma amene amakuyamikirani kuti mwanenepa bwino sadzabwera kudzakutembenuzani pamphasa sitiroko ikakugwirani. Thupi likakula mtima umagwira ntchito yowirikiza. Mafuta oopsa kwambiri ndi a pamimba, chifukwa amayendera limodzi ndi BP komanso matenda a shuga.

Simukusowa sikelo kuti mudziwe. Tengani chingwe, muyeze msinkhu wanu kuchokera kumutu mpaka kuphazi, mudule pomwepo. Chipindeni pakati, ndiye muzungulize pamimba, pamwamba pang'ono pa mchombo, osakoka mimba m'kati. Ngati nsonga zake zikukumana, muli bwino. Ngati sizikukumana, mafuta a pamimba achuluka. Muyeso umenewu ndi wa abambo ndi amayi omwe, kupatula amayi oyembekezera ndi amene angobereka kumene.

Musadzizunze ndi njala, musagulenso tiyi kapena mankhwala oondetsa amene akutsatsidwa pa WhatsApp. Kuchepetsa makilogalamu 4 kapena 5 okha, pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, kumatsitsa BP kwa munthu wonenepa. Ngati mumadya mitanda itatu, yesani iwiri, muwonjezere masamba. Tiyi wa masupuni anayi a shuga atsike kufika pa awiri, kenako imodzi. Mandasi ndi zoziziritsa kukhosi zikhale za apo ndi apo.

Kwa inu amene mukumwa ma ARV, ena thupi limabwera kwambiri. Musasiye mankhwala anu ngakhale tsiku limodzi. Mukapita kukatenga, pemphani kuti akuyezeni BP ndi kulemera, muzilemba.

AMAYI OYEMBEKEZERA, APA MVETSETSANI

BP ya pamimba ndi imodzi mwa zinthu zimene zimapha amayi ndi makanda m'Malawi. Nthawi zambiri imayamba mimba ikapitirira masabata 20, ndipo ikhoza kugwira mayi amene sanakhalepo ndi BP, makamaka wa mimba yoyamba, wa mapasa, wamng'ono kwambiri kapena wopitirira zaka 35. N'chifukwa chake ulendo uliwonse wa kusikelo ayenera kukuyezani BP. Akaiwala, akumbutseni, ndi ufulu wanu.

Mukaona mutu waukulu wosamva Panado, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena tinyenyezi, kutupa nkhope ndi manja, kupweteka pansi pa nthiti chakumanja, kapena kukomoka ndi kuphupha ngati khunyu, thamangani kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Apongozi ndi anamkungwi, chonde, kutupa kwa mayi woyembekezera si chizindikiro cha mapasa kapena mwana wamkulu, ndipo kukomoka kwake si kulodzedwa kapena kusakhulupirika kwa mwamuna. Kuchipatala kuli jakisoni woletsa kukomokako. Vutoli likhoza kubweranso mayi atabereka kale, m'masabata oyambirira.

Ngati munali ndi BP muli ndi pakati, muziyezetsa chaka chilichonse moyo wanu wonse. Ngati mumamwa mankhwala a BP ndipo mwaima kapena mukufuna mwana, uzani adokotala msanga, chifukwa ena monga Enalapril sayenera mayi woyembekezera, amasintha n'kukupatsani oyenera. Mukapita kukatenga njira yolera, nenani kuti muli ndi BP, chifukwa mapiritsi ena olera sayenera inu, koma njira zina zilipo.

"MANKHWALA A BP UKAYAMBA SUSIYA"

Ili ndi dandaulo limene ndimalimva kwambiri, ndipo mbali ina ndi loona. Anthu ambiri a BP amamwa mankhwala moyo wonse. Koma si mankhwalawo amene amakusandutsani kapolo. BP sichizika ngati malungo kuti mumwe LA masiku atatu basi. Mankhwala monga HCT, Amlodipine ndi Enalapril amangoigwira kuti isakwere. Mukasiya imakweranso, inu osamva kanthu. Kukupezani ndi 128/82 mukumwa mankhwala ndi umboni woti akugwira ntchito, osati woti mwachira.

Ena amakodzetsa pafupipafupi, n'chifukwa chake HCT timati muzimwa m'mawa. Amlodipine ena amatupa nayo akakolo, Enalapril ena amatsokomola nayo chifuwa chouma. Abambo ena amaopa za mphamvu ya m'nyumba. Bwerani mudzanene, osachita manyazi, mankhwala alipo amitundu ingapo ndipo amasinthika. Dziwaninso kuti BP yosasamalidwa payokha imafooketsa abambo, chifukwa imawononga mitsempha ya thupi lonse.

Adyo, mandimu ndi cham'mwamba ndi zakudya zabwino, idyani. Koma sizilowa m'malo mwa mankhwala. Pempherani, koma mapiritsi musataye. Musamwenso mankhwala a mnansi wanu chifukwa choti nayenso ndi wa BP.

Ndikudziwanso kuti nthawi zina mumawononga ndalama ya ulendo n'kukapeza mankhwala atha, kapena makina alibe mabatire. Zimenezi zimatipweteka ifenso ogwira ntchito. Musadikire piritsi lomaliza, pitani kudakali a sabata imodzi. Akakhala kuti atha, pemphani akulembereni dzina ndi mlingo m'kabuku kanu ka kuchipatala kuti mukagule oyenera ku famase. Ndipo nkhani ya kusowa kwa mankhwala a BP muziyitengera ku komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu, kwa mafumu ndi kwa khansala. Mankhwala amenewa ndi otsika mtengo poyerekeza ndi kusamala munthu wa sitiroko zaka khumi.

ZIMENE TILI NAZO KALE

Ife a kunyanja tili ndi mwayi. Usipa, utaka ndi batala ndi ndiwo zabwino ku mtima, bola zikhale zowiritsa, zootcha kapena zofutsa, osati zosambira m'mafuta. Nsomba yothiridwa mchere iviikeni m'madzi kaye, mutaye madziwo, ndipo pophika musathirenso mchere wina. Chigwada, bonongwe, nkhwani, kholowa, nyemba, nsinjiro, nthochi, mapapaya, mango ndi mapeyala zimathandiza thupi kulimbana ndi mchere. Kondowole si mdani, vuto ndi kukula kwa mtanda.

Mchere muchepetse pang'onopang'ono, lilime limazolowera pakatha masabata ochepa. Kometsani ndi tomato, anyezi, adyo ndi mandimu. Mchere wochepawo ukhale wa ayodini. Kambale ka mchere kachoke pamphasa. Abambo, musakalipire akazi anu kuti ndiwo sizikukoma, akuteteza moyo wanu. Ndipo musaphike miphika iwiri, wa odwala ndi wa ena onse. Ana akazolowera mchere wochepa lero, mwawateteza ku BP ya mawa.

Ntchito pitirizani kugwira. Inu amene mumakhala pagolosale, pamsika kapena pamakina osokera tsiku lonse, yendani mwandawala mphindi 30 patsiku, masiku asanu pasabata.

POKAYEZETSA

Pitani pachipatala chimene muli nacho pafupi, kaya pa Mwaya pompo, ku Kachere, ku Kande, ku Chintheche kapena kuchipatala chachikulu cha boma la Nkhata Bay. Kuyeza sikupweteka, satenga magazi, ndipo sikutha mphindi zisanu. Mukafika mutayenda mtunda kapena kupalasa njinga, khalani pansi mupume kaye mphindi zosachepera zisanu. Kodzani kaye. Musasute kapena kumwa khofi kutatsala theka la ola. Poyezedwa tsamirani, mapazi pansi, osapingasa miyendo, osalankhula.

Akatha musangomva zoti "zili bwino" kapena "yakwera pang'ono". Funsani manambala, alembedwe m'kabuku kanu ndi tsiku lake. Zikakhala bwino, bwerezani chaka chamawa. Safunsa anadya phula.

Ndili ndi pempho kwa magulu a banki mkhonde, amayi a mvano ndi a chigwirizano, makomiti a pagombe ndi abale amene ali ku Joni. Makina oyezera BP a mabatire, ovala pamkono pamwamba pa chigongono, amagulitsidwa m'mafamase. Gulu limene limatha kusonkha ndalama ya mapoto ndi zitenje likhoza kugula amodzi. Pemphani alangizi a zaumoyo akuphunzitseni kagwiritsidwe kake, mukhale ndi kope lolembamo, muziyezana tsiku la msonkhano. Amene wapezeka ndi 140/90 kawiri apite kuchipatala, gulu lisamupatse mankhwala. Inu a ku Joni, m'katundu wa Khirisimasi muikemo makina amenewa, adzathandiza makolo anu kuposa chigubu cha mafuta.

ZIZINDIKIRO ZOSADIKIRA KUCHE

Pakamwa kupotokera mbali imodzi. Mkono kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi. Kulankhula zosamveka ngati woledzera. Mutu woopsa umene simunaumvepo. Kupweteka kapena kulemera pachifuwa kofika kumkono kapena kunsagwada. Kubanika munthu ali chikhalire.

Mukaona chimodzi mwa izi, pezani galimoto nthawi yomweyo. Musamumwetse madzi, phala kapena mankhwala azitsamba, akhoza kutsamwa. Ngati wakomoka mugonekeni cham'mbali. Musataye tsiku kufufuza amene wamulodza, ndipo musaloze chala agogo a m'mudzi. Ngakhale zizindikirozo zitatha zokha pakapita mphindi zochepa, pitanibe, limenelo ndi chenjezo loti sitiroko yaikulu ikhoza kutsatira.

Amayi, mumakumbukira tsiku la sikelo ya mwana aliyense, mumadziwa makilogalamu ake mwezi ndi mwezi. Nanga inuyo munayezetsa liti BP? Nanga bambo a kunyumba? Sabata ino tenganani, mutengenso agogo, mukayezetse. Pa 17 May chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira matenda a BP, koma inu musadikire tsiku limenelo.

Amene mwayezetsa kale chaka chino, tiuzeni m'munsimu kuti ena alimbe mtima. Mafunso lembani, ndiyankha, koma kumbukirani kuti tsamba lino sililowa m'malo mwa chipatala. Tumizani uthengawu kwa m'bale wanu amene amati ndi wamphamvu ndipo sadwala.